Masabata a Mkaka

Etta Chikaonda ankasamalira okalamba panyumba ina ku Woolwich. Pofika chaka cha 2006 thupi linali litamulemera moti pokwera masitepe a kufulati kwawo ankayamba wapumira panjira. Mawondo ankatupa, shuga anali atakwera. Dokotala anamuuza mosabisa kuti chomwe chingamuthandize ndi opaleshoni yochepetsa chifu, koma kuchipatala cha boma mzere wake unali wa zaka.

Mwayi unali kwa mwamuna wake, Biswick, amene ankakonza zikepe m'nyumba zazitali za m'tauni. Kampani yake inkalipirira antchito ndi akazi awo inshuwalansi ya chipatala cholipira. A inshuwalansiwo sanavomere msanga. Anati Etta ayambe wayendera katswiri wa zakudya kwa miyezi ingapo, atsikeko yekha pasikelo, aonane ndi dokotala wa za maganizo, komanso pakhale munthu wapakhomo wolonjeza kudzamusamalira akatuluka. Biswick anasaina uku akuseka.

"Bola usakabwereko uli mafupa okhaokha," anatero.

Kusekako kunatha madiresi atayamba kumukulira Etta. Lamulungu lina, potuluka m'tchalitchi, bambo wina wamkulu anamugwira chanza n'kunena kuti, "Mayi Chikaonda, mwabwerera kuutsikanatu!" Biswick anamva. M'galimoto, atafika pamaloboti, anangotembenuka n'kumumenya mbama ndi kuseri kwa dzanja.

"Ndiye ukuondera amenewo?"

Sikunali koyamba. Ali ku Chilomoni ankamumenya, atabwera ku London analeka, kenaka anayambiranso mwana wawo Sean atapita kuyunivesite. Komabe dokotala wa za maganizo atafunsa ngati kunyumba kuli mtendere, Etta anamwetulira n'kuyankha kuti mwamuna wake ndi munthu wabwino kwambiri. Ankadziwa kuti akanena zoona, a inshuwalansi aimitsa zonse.

Tsiku la opaleshoni analiika Lachinayi lina m'mwezi wa Novembala. Kunatsala chinthu chimodzi: masabata awiri omaliza azingomwa mkaka, yogati ndi msuzi wamadzimadzi, kuti chiwindi chifwape, dokotala akapeze malo ogwirira ntchito. Mutu unkamuwawa. Kuntchito ankadyetsa agogo achizungu mbatata yopondaponda, malovu ali m'kamwa, koma sanalawe ngakhale kanyenyeswa.

Lamulungu lomaliza, masana, Etta anali kukhitchini akutsuka makina opera zakudya amene anagula kuti azidzagwiritsa ntchito akachoka kuchipatala. Biswick analowa ndi bokosi la nkhuku yokazinga ndi tchipisi, n'kuliponya patebulo. Ankanunkha mowa.

"Khala pansi udye."

"Bambo a Sean, mukudziwa kuti sindingadye. Kwangotsala masiku ochepa."

"Ndati udye. Ine ndinakwatira mkazi, osati ndodo yoti azibambo akutchalitchi azisirira."

"Ndikadya zamafuta akandibweza. Chonde, idyani inuyo, ine ndikupangirani tiyi."

Anamugwira tsitsi kumbuyo n'kumukokera pampando. Ndi dzanja lina anatenga ntchafu ya nkhuku n'kumukanikiza nayo pakamwa. Etta analuma mano. Fupa linang'amba mlomo, magazi n'kusakanikirana ndi mafuta mpaka pachibwano. Biswick anamutsina mphuno kuti atsegule pakamwa, ndipo atatsegula kuti apume, anamulowetsa nyamayo mpaka kukhosi. Etta anatsamwa, anagwa pansi ndi mpando womwe, n'kusanza pamatailosi.

Biswick anatsegula firiji, natulutsa mabotolo a mkaka n'kuwamenyetsa kukhoma limodzi ndi limodzi. Mkaka unayenderera pansi ponse. Kenaka anamuponda m'nthiti ndi nsapato yake yakuntchito, ija yachitsulo kutsogolo. Etta anamva chinthu chikuthyoka mkati. Biswick anamupondanso.

"Dzuka! Umalize nkhukuyi!"

Etta anagwira m'mphepete mwa sinki n'kudzikoka. Dzanja lake linakhudza jagi yagalasi ya makina aja. Pomwe Biswick ankawerama kuti atole nyama ina, Etta anamumenya nayo pankhope ndi mphamvu zonse zimene mkaka unamusiyira. Jagi inasweka. Biswick anaterereka pamkaka n'kugwa chagada, tsaya litatseguka kuchokera pansi pa diso mpaka kukhutu.

Nthawi imeneyo n'kuti wina akugogoda kale pakhomo. Anali Anjimile, mchemwali wake wa Biswick, nesi wa ku Romford, amene anabwera ndi chikwama choti mlamu wake akagonere nacho kuchipatala. Etta anakwawa n'kukatsegula. Kumbuyo kwa Anjimile, apolisi awiri ankakwera masitepe. Mayi wa fulati yoyandikana anali atawaimbira atamva mabotolo aja.

Anjimile anayang'ana mlamu wake, anayang'ana mlongo wake. Anatenga thaulo n'kumuponyera Biswick.

"Kanikizani patsayapo, achimwene." Kenaka anagwada pafupi ndi Etta n'kuyamba kumugwiragwira m'nthiti. "Pumani pang'onopang'ono, alamu. Apa? Apa pakupweteka?"

Wapolisi wamkazi anafunsa chimene chachitika. Etta asanayankhe, Biswick anayankhula m'Chichewa, mawu ali pansipansi, thaulo lili kutsaya.

"Uwauze kuti waterereka pamkaka, ine ndimakudzutsa. Ukandimangitsa, ntchito yatha. Ntchito ikatha, inshuwalansi yatha, ndipo opaleshoni yakoyo uyiiwale. Ufa ndi shuga wakoyo."

Etta anatseka maso. Anaganiza za miyezi yonse ija, za mabasi opita kwa katswiri wa zakudya mvula ikugwa, za Lachinayi limene linali pafupi chonchi.

"Alamu," anatero Anjimile, osakweza mawu, "kuwodi kwathu amabwera ambiri oterereka. Wina ndinamusoka kawiri. Ulendo wachitatu sanadzere kwa ife, anapita naye kumotchale. Inu mukatuluka muli ndi mabala pamimba, osatha ngakhale kudzuka nokha, m'nyumba muno mudzakhala ndi ndani?"

"Iwe Anjimile, ndine mlongo wako ine!"

"Ndikudziwa, achimwene. N'chifukwa chake ndakupatsani thaulo."

Etta anapukuta mlomo. Anayang'ana wapolisi uja n'kufotokoza zonse m'Chingerezi, kuyambira pa nkhuku mpaka pa jagi, osabisa kuti tsayalo wang'amba ndi iyeyo. Biswick anamutukwana, kutukwana ndi amayi ake omwe, mpaka pamene ankamutsitsa pamasitepe maunyolo ali m'manja.

Kuchipatala anapeza nthiti ziwiri zothyoka. Dokotala wa opaleshoni ija atamva anati sangamugoneke ndi mankhwala munthu amene akulephera kupuma bwino, ayembekeze achire. Koma pomwe nthiti zinkalumikizana, khoti linali litamupeza Biswick wolakwa, kampani itamuchotsa ntchito, ndipo dzina la Etta linachoka pa inshuwalansi limodzi ndi lake. Etta sanaimbidwe mlandu.

Anasamukira kwa Anjimile ku Romford. Mafoni ochokera kumudzi sankatha. Azakhali ankamunena Anjimile kuti wagulitsa magazi ake chifukwa cha mkazi wobwera, mpaka iye anasintha nambala. Masabata oyamba Etta ankangolira n'kumadya, ndipo kulemera konse kumene anachepetsa kunabwerera. Sean anabwera patchuthi, anakhala pambali pa bedi n'kumuuza m'Chingerezi kuti akanamuuza kale, iye si mwananso.

Chaka chitatembenuka, Etta anapeza ntchito panyumba ina ya okalamba kufupi ndi msika, n'kukalembetsa pamzere wa boma. Anayambiranso zonse: katswiri wa zakudya, sikelo, dokotala wa za maganizo. Opaleshoni inachitika m'chaka cha 2008, ndipo Sean ndi amene anakamutenga pagalimoto yobwereka, akuyendetsa pang'onopang'ono moti a m'mbuyo ankangoliza mahutala.

Etta anadzamuonanso Biswick kamodzi kokha, pamaliro a Mmalawi wina ku Edmonton. Anali ataima yekha pafupi ndi khomo, atakalamba, chipsera chili mbee patsaya. Anayamba kuyenda ngati akubwera kudzapereka moni. Anjimile anasuntha mpando wake n'kukhala kunjira, kumutchingira Biswick, ndipo Etta anapitiriza kuyimba ndi amayi anzake mpaka nyimbo inatha.