Madzi Amene a Malose Ankangowadziwa ndi Chigongono

Basi itangoima pa malo osambirako a akasupe otentha ku Bela-Bela, miyendo ya a Malose inawatsogolera yokha. Anasiya khomo lalikulu la magalasi kumanja, nalunjika kuseri, kumene kuli kachitseko kachitsulo pafupi ndi migolo ya zinyalala.

"Papa! Mukupita kuti?" anafuula mwana wawo Mmaphefo, akukankha njinga ya olumala imene anakhalapo mayi ake. "Khomo lathu ndi ili."

Mayiwo anaseka. "Asiye, mwanangu. Akukatenga tsache lawo."

A Malose anabwerera chipewa chili m'manja. Zaka makumi atatu anatsuka maiwe a pamalo amenewa, masiku amene pakhomo lakutsogolo panali chikwangwani choti n'pa azungu okha. M'dziwe ankalowamo likaphwa, atagwira burashi. Madzi akadzaza ankangowayesa ndi chigongono, n'kumawola masamba ataima kunja. Chikwangwanicho chinachotsedwa kalekale, koma iwo anali asanavikemo ngakhale phazi.

Ulendowu sunali wawo. Akazi awo, amene ankawaitana ndi dzina laulemu loti Hunadi, anafa ziwalo mbali imodzi chaka chatha, ndipo chiyambire anali asanaime okha. Adokotala anati madzi otentha a pakasupe angakumbutse mwendo ntchito yake.

M'kati munali ngati m'maloto. Dzuwa linkalowa padenga la magalasi n'kusungunuka m'nthunzi. Pamene kale panali kapinga, tsopano panali mipope ikuluikulu yokhotakhota, yachikasu ndi yobiriwira, imene inkameza ana kumwamba n'kuwalavula pansi ngati Yona. Belu likalira, dziwe lina linkayamba mafunde lokha popanda mphepo. Phokoso lonse linkamveka chakutali, ngati kwaya ikuimba kuseri kwa phiri. Koma dziwe lotentha lakale lija linali pomwepo pakona, ndi matailosi ake abuluu, pansi pa migwalangwa ya m'miphika.

Mmaphefo anaveka mayi ake diresi losambira, napatsa bambo ake kabudula wamaluwa. A Malose anamuika pabenchi, nakhala pambali pake ndi suti yawo ya Lamulungu.

"Papa, ine simukundiona?" Mmaphefo analoza mimba yake. "Woyembekezera salowa m'madzi otentha. Mma awagwira ndani? Kapena ndikaitane wantchito?"

"Wantchito wa chiyani?" anatero a Hunadi. "Zaka makumi anayi palibe mwamuna wina anandigwirapo m'chiuno. Ndiyambe lero, mano atatha? Nape, vulani tayiyo."

Nape linali dzina laulemu la a Malose, ndipo likatuluka m'kamwa mwa akazi awo sankalikana. Koma nthawi yomweyo wina anaimba wenzulo kudzudzula ana othamanga. A Malose anadzambatuka, chipewa pachifuwa, maso akufunafuna kapitawo amene anaikidwa m'manda zaka zambiri zapitazo.

"Hunadi, sindingathe," ananong'ona. "Thupi likukana."

A Hunadi anawakoka mkono wa jekete. "Mwezi wathawu munalalikira za munthu uja wa pathamanda la Betesida, amene analibe womulowetsa m'madzi. Munagwetsa misozi paguwa, amayi a bungwe la Lachinayi mpaka anabwerekana mipango. Lero ndine munthu ameneyo. Kusiyana kwake n'kwakuti ine mwamuna ndili naye, wangokhala pabenchi ngati akudikira maliro." Kenaka anatsitsa mawu. "Mukapanda kulowa, ndibwerera pa njinga iyi. Ndipo sindidzapemphanso."

A Malose anatola kabudula uja napita kukasintha. Atabwera, Mmaphefo anabisa kamwa ndi dzanja.

"Seka bwino," anatero bambowo. "Miyendo ya dokowe imeneyi ndi imene inakulera."

Anagwada m'mphepete mwa dziwe, naviika chigongono monga ankachitira kale. Madzi anali bwino. Ananyamula akazi awo monga ankachitira m'mawa uliwonse powachotsa pabedi, naponda sitepe yoyamba. Palibe anakuwa. Yachiwiri. Kutentha kunakwera m'miyendo, m'chiuno, mpaka m'chifuwa, ngati dzanja lalikulu lofunda limene linawadikira moyo wonse osatopa. Ndipo katundu amene anali m'manja mwawo anayamba kupepuka. A Hunadi ankayandama, opepuka ngati tsiku limene anavina nawo koyamba.

"Apa ayi," anatero a Malose. "Pakona apo, m'munsi mwa sitepe yachitatu. M'pamene kasupe amalowera. Alendo sapadziwa."

Anawatengera pomwepo, naika phazi lodwala lija pamene madzi amatumphuka. Nthunzi inawaphimba mpaka Mmaphefo anangooneka ngati mthunzi. A Malose anapezeka akung'ung'udza nyimbo ya mgonero, ija ankaimba chamumtima akamakwecha matailosi omwewa. Pansi pa phazi lawo anamva kamng'alu kamene anakamata okha ndi simenti, Mmaphefo asanabadwe.

"Nape," a Hunadi analankhula maso ali chitsinzire. "Chala chachikulu chikumva. Tandisiyani."

"Mugwa."

"Ndikagwa mundiwola. Si ntchito yanu yakale?"

Anachotsa dzanja limodzi, kenaka linalo, koma sanawatalikire. A Hunadi anaima. Madzi ankawagwedeza pang'onopang'ono ngati bango, koma anaima ndithu, pa miyendo yawo iwiri. Anakoka mwendo uja, nauponda patsogolo kamodzi, n'kugwera m'manja mwa amuna awo akuseka, misozi ikusakanikirana ndi madzi a kasupe.

"Ambuye ndi wabwino," anatero a Malose. "Tiyesenso."

Tsamba louma linagwa kuchokera pa mgwalangwa, nkumayandama mpaka linagunda chifuwa chawo. Analiyang'ana, nalisiya lipite. Manja onse awiri anali m'chiuno mwa a Hunadi.