Njati ya Utoto

Ada Watson Manda, bambo wachikulire wa Chitonga, anatsitsa pampu yawo yothirira pa njinga yamoto ngati akutsitsa wodwala, n'kuikhazika pakhonde la shopu ya Felistus Longwe, kuseri kwa msika wa Nkhata Bay. Wakabaza atafuna kuwathandiza, anamukankha dzanja. Pampu imeneyo sinkagwiridwa ndi munthu wamba.

"Nyalongwe, sabata yachitatu yakwana lero," anatero kwa Felistus akupukuta thukuta ndi chipewa. "Kabuleta yanga ili kuti?"

Felistus analibe yankho latsopano. Kampani yopanga mapampu ya Njati, imene chikwangwani chake chobiriwira chinali pamwamba pa chitseko kuyambira nthawi ya malemu bambo ake, a Cyrus, inkangoti katundu ali m'njira. Njira yakeyo inali yosatha. Pomwepo dzuwa la Okutobala linali litakwiya, ndipo matimati a Ada Manda, amene anali atayamba maluwa kudimba kwawo ku Limphasa, ankathiriridwa ndi ndowa, nkhalambayo ndi akazi awo awiriwiri. Sabata ina imodzi yotere, dimba lonse likanasanduka udzu.

Felistus anawauza kuti kumsika komweko kuli kabuleta ya mtundu wina, ndipo ataipala pang'ono ikhoza kulowa. Ada Manda anamuyang'ana ngati wawatukwana m'tchalitchi.

"Chikomekome cha nkuyu, mwana wanga, m'kati muli nyerere. Ine Njati ndinaidziwa ku mafamu a ku Zimbabwe iwe usanabadwe. Iyi yatha zaka makumi awiri ndi ziwiri, ndipo awuso, malemu Cyrus, sanaikepo ngakhale bawuti yachilendo. Uifune Njati yeniyeni. Ndaibweretsa kuti uipukute, katundu akafika usachedwe."

Atatero anapita kumsika kukamwa tiyi.

Nkhalamba imeneyi, tinene zoona, inali mlaliki wa Njati wosalipidwa. Pamaliro, pamsonkhano wa kalabu ya alimi, ngakhale potuluka m'mapemphero, nkhani inkathera pa pampu yawo. Theka la alimi amene ankagula pa shopu ya Felistus anabwera chifukwa cha pakamwa pa Ada Manda.

Felistus anaimbira foni Davis, ejenti wa kampaniyo ku Mzuzu. Davis anali munthu wa mawu osalala ngati sopo. Anati sitima yachedwa kudoko, adikire masabata ena awiri. Felistus atatchula za kabuleta ya kumsika, sopo uja anauma. Anamukumbutsa kuti pepala latsopano limene anasaina limaletsa kuika sipeya ya mtundu wina pa makina a Njati, ndipo akangomva kuti wachita zimenezo, abwera kudzazula chikwangwani.

"Matimati a munthu akuuma, a Davis."

"Ife sitigulitsa matimati, mayi," anayankha, n'kudula foni.

Mtima unamuwawa Felistus. Anatenga masipanala n'kuyamba kumasula pampu ija, mwina ntchito ingamuziziritse. Kanali koyamba kuitsegula, chifukwa pa zaka ziwiri chimwalirireni bambo ake inali isanavutepo.

Atachotsa kabuleta yakufayo, chala chake chinakhudza kachizindikiro kunsi kwake. Anapala utoto ndi mpeni. Panali chilembo cha C, chokhomedwa ndi msomali, ndipo pambali pake panali dzina la kampani ina, osati Njati. Anachidziwa chilembocho. Bambo ake ankachikhoma pa chitsulo chilichonse chimene achipala ndi manja awo kuti chilowe pamene sichinapangidwire.

Anamasula mbali ina. C. Anatsegula injini. Pisitoni, C. Chopukusa madzi, C. Pofika masana zitsulo zinali mbwee pa saka, ndipo pa zonsezo za Njati zenizeni zinali thanki ya petulo ndi chimango basi. Pashelefu yakumwamba panali chitini cha utoto wobiriwira chimene Felistus ankachiona tsiku ndi tsiku osadziwa ntchito yake. Tsopano anaidziwa. Anaseka yekha, kenako misozi inalengeza. Kani masipeya a Njati sanayambe lero kuchedwa, ndipo bambo ake, mkulu wa mpingo wathunthu, ankapulumutsa dimba la mnzawo ndi bodza la burashi.

Anatsitsa chitinicho n'kuchitsegula. Utoto unali usanaume. Njira inali yapafupi: kugula kabuleta ya kumsika, kuipala, kuipaka, mawa n'kunena kuti katundu wafika. Ada Manda akanakondwa, Davis sakanamva kanthu, chikwangwani chikanakhala pamalo pake. Koma anaganiza za zaka zina makumi awiri akubisa burashi kuseri kwa kauntala, kampani ikudya ulemu wa thukuta lake monga inadyera la bambo ake. Anatseka chitinicho mwamphamvu.

Kabuleta anakagula ndithu, kwa Mariam wogulitsa masipeya a njinga zamoto. Anakhala pansi ndi tupa kwa ola lathunthu mpaka inalowa. Sanaipake kanthu. Anaisiya yotuwa choncho, n'kudikira.

Ada Manda atabwera anaima pakhomo, maso ali pa saka.

"Wayisasula yonse? Nanga chotuwacho n'chiyani?"

"Khalani pansi, Ada. Muone kaye izi."

Anawapatsa zitsulozo chimodzichimodzi, akuwalozera chilembo ndi mayina a makampani. Nkhalambayo inavala magalasi. Inatembenuza pisitoni, inatembenuza kabuleta yakale, ikusisita C uja ndi chala chachikulu. Felistus ankadziwa kuti pakamwa pamene panamubweretsera makasitomala pakhozanso kuwabalalitsa pofika Lamlungu.

"Ndiye kuti Cyrus ankandinamiza," anatero potsiriza.

"Ankakunamizani, Ada. Ine sindikufuna kutero. Njati yanu yatsala thanki ndi utoto. Chimene chakhala chikukoka madzi zaka zonsezi ndi manja a adada. Ichi chotuwachi ndi manja anga. Mukachikana ndichichotsa, tidikire a ku Mzuzu, koma matimati sadikira."

Ada Manda anabweza kabuleta ija pa saka. Anayang'ana kunja, kumene maminibasi a ku Mzuzu ankaitanira anthu. Kenako anayamba kufotokoza, ngati akudzilankhulira, za chaka china pamene pampu inafa Lachisanu, Cyrus n'kuibweza Lolemba, akuti sipeya yabwera pa basi. Iwo anapita ku kalabu kukadzitama kuti Njati sichedwetsa mlimi. Cyrus anali pomwepo, ndipo zala zake zinali zomangamanga ndi nsanza.

"Ndinkayesa wadzicheka ndi mpeni wa chinangwa," anatero. Anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali. "Bwezeretsa zonse, Nyalongwe. Tiimve ikulira."

Felistus anamanga pampu ija, n'kuika payipi mu diramu ya madzi ya pakhonde. Anakoka chingwe kamodzi, kawiri. Kachitatu inatsokomola, n'kugwira, ndipo madzi anathovoka mpaka kunyowetsa mabelo a mayi wa kaunjika wa pafupi, amene anawatukwana onse awiri bwinobwino.

Nkhani ku Nkhata Bay siyenda pansi, imakwera minibasi. Lachinayi Davis anafika ndi galimoto ya kampani ndi makwerero. Anapeza Felistus akumuyembekeza, sipanala ili m'manja.

"Mwachedwa, a Davis. Mabawuti awiri ndamasula kale. Gwirani mbali iyo."

Davis anayesa kufewetsa mawu. Anati akhoza kuiwala nkhaniyi ngati sizichitikanso, poti shopu yopanda dzina lalikulu siikhalitsa. Felistus anamuuza kuti zichitikanso mawa lomwe, chifukwa pali alimi ena anayi amene akudikira sitima yomweyo. Mantha anali nawo, sankadziwa ngati alimi adzabwerabe pakhomo popanda chithunzi cha njati, koma chikwangwani anachitsitsa.

Galimoto isananyamuke, panaima njinga yamoto. Anali Ada Manda, ndipo kumbuyo kwawo kunali njinga ina itanyamula mlimi mnzawo ndi pampu yofiira, ya mtundu umene iwo akhala akuunyoza kwa zaka makumi awiri. Ada Manda anamuyang'ana Davis, anayang'ana khoma lopanda kanthu, n'kutulutsa m'thumba la jekete msomali waukulu wa mainchesi sikisi.

"Tsiku lija unaiwala kanthu, Nyalongwe," anatero akumupatsa msomaliwo. "Kabuleta yanga ilibe chilembo. Ukamaliza ya mnzangayu, upite ku Limphasa ukakhomepo F."