Udzu wa Kuseri kwa Waya

Anthu a mumsewumo ankamutcha Namaluwa, chifukwa mayiyu akaona chomera chokongola pakhomo pa munthu, sankachoka asanapemphe kamphukira. Ndi mmene unafikira udzu wina wa ngala zoyera, wochokera kunja, umene anaudzala m'mbali mwa mpanda wa waya. Kuseri kwa wayayo kunali nkhalango yotetezedwa, kumene mwamuna wake ankagwira ntchito yolambula njira zotchinga moto.

Udzuwo unakula mopanda ulemu. Ukamukwana ankauzula, zitsa zake n'kuziponya kuseri kwa waya, poti ndani amadandaula za zinyalala za m'tchire? Zitsazo zinagwira. Patapita zaka zingapo, kaudzu kakale ka m'nkhalangomo, kolekeza m'mawondo, kanali katasowa, ndipo m'malo mwake munaima chiudzu chobisa ngakhale munthu wamtali.

Masana ena Namaluwa ankayanika zovala, mwamuna wake ali kuseri kwa waya, akutentha mzere wotchinga moto monga ankachitira chaka ndi chaka, nthambi yaiwisi ili m'manja. Moto wa udzu wakale unkayenda chokwawa, ukaumenya ndi nthambi n'kuzima. Koma wa udzu wachilendowu unangoti phuu, malawi kupitirira denga la nyumba.

"Bambo a mwana, thawani!" anakuwa Namaluwa.

Athawire kuti? Njira ya ku geti moto unali utatseka kale. Anamuona akuthamangira ku waya, akuyesa kukwera, nsapato zikuterereka, minga ya pamwamba ikumubweza. Namaluwa chibadwire anali asanaopepo chonchi.

"Sizasi yodulira maluwa! Fulumirani!" anatero mwamunayo, mawu atasasa ndi utsi.

Namaluwa anathamangira pakhonde, akugubuduza miphika ya maluwa imene masiku onse sankalola munthu kuikhudza. Pobwerera, utsi unali utameza mpanda wonse. Anagwada pamene pankamveka kutsokomola n'kuyamba kudula. Sizasi ya maluwa si ya waya. Inkaterereka, inkamuluma m'chikhatho, ndipo ngala zoyaka zinkamugwera m'tsitsi.

"Mulipo? Ndiyankheni, chonde!"

Kutsokomola kuja kunali kutasiya. Namaluwa anadulabe akulira, magazi akuyenderera pachigongono, mpaka panatseguka kabowo koti n'kudutsa galu. Analowetsa mkono, n'kupapasa dothi lotentha. Atagwira kolala ya malaya, anaponda waya ndi mapazi onse n'kukoka ndi mphamvu zimene sankadziwa kuti ali nazo.

Anagwera limodzi pa kapinga. Mwamunayo anagona chafufumimba, osagwedezeka, kenako anakoka mpweya ngati munthu wovuuka m'madzi. Namaluwa anamugwera kuti amukumbatire.

"Mayi a mwana," ananong'ona mwamunayo, "musandigwire kumsana."

Namaluwa anadzuka n'kuyang'ana. Kumsanako malaya kunalibe, ndipo chimene chinamatirira m'manja mwake sichinali nsalu.