Phiri Logumuka M'kalasi

Pulogalamu yatsopanoyo aphunzitsi Nubia Ocampo ankaikonda mopitirira muyeso. Inkaonetsa pa kompyuta phiri la tauni yawo lomweli, minda ya khofi ndi nyumba zomwe. Ukafuna udule mitengo, ukafuna ugwetse mvula, kenako uone ngati dothi ligumuke.

Tsiku limene kunabwera oyendera sukulu, a Nubia anafuna kuonetsa ukatswiri. Anauza ana kuti achotse mitengo ya kumtunda, iwo eni ake n'kukweza mvula mpaka pamapeto. Phiri linatsetsereka n'kukwirira kamsewu kamene matope anapherapo ana awiri chaka chatha. Kenako Duván, mnyamata wosasunga mawu m'kamwa, analoza.

"Aphunzitsi, si munda wa bambo ake a Yeimy uwo? Paja anadula mitengo."

Yeimy, mwana wa m'kalasi momwemo, anazyolika. A Nubia ankadziwa kuti mvula yochuluka chonchi imagumula phirilo, kaya pali mitengo kaya palibe, poti anali atayesa okha dzulo lake. Koma oyenderawo ankagwedeza mitu mokhutira, ndiye aphunzitsiwo anangoti nthawi yatha.

Nkhani yoipa sichedwa panjira. Pofika Lamlungu, anthu potuluka ku Misa ankawalambalala ngati chithaphwi Don Eliécer, bambo ake a Yeimy. Otchola khofi anakana kukwera kumunda kwa bambowo, Yeimy naye anasiya kudya pamodzi ndi bambo akewo. A Nubia ankazimva zonsezi chikumbumtima chikuwadya, koma tsiku lililonse ankati akonza mawa. Amenewo ndi mantha basi, tisawapatse dzina lina.

Mapeto ake Don Eliécer anabwera okha kusukulu, chipewa chili m'manja. Sanabwerere ndewu. Anangopempha kuti nawonso aone ndi maso awo mmene anaphera ana awiri aja.

A Nubia anayatsa kompyuta. Anabwezeretsa mitengo yonse n'kugwetsa mvula yomwe ija, phiri n'kugumukabe. Anafotokoza mwachibwibwi kuti makinawa sangaloze munthu wolakwa.

"Zimenezi mwazidziwa liti, aphunzitsi?"

"Ndinkadziwa kale tsiku lomwe lija, bambo."

Mkuluyo anayang'ana matope a pa kompyutawo kwa nthawi yaitali, osakwiya, ndipo kusakwiyako n'kumene kunawalasa a Nubia.

"Dzulo ndinakagwada kwa mayi wa ana aja," anatero motsitsa mawu. "Ndinawauza kuti ndine. Ndiye anandikhululukira."