Tsikani Nonse, Katundu Mukampeza Kumtunda

Amuna angawa, a Osward, ndimawakonda ndithu, koma nzeru zobwereka zidzawapweteka tsiku lina. Ndi kondakita wa minibasi yochokera pa boma la Chadiza kubwera kuno ku Zingalume, ndipo vuto lawo linali kumasula katundu. Akamanga matumba, njinga ndi malata pamwamba paja, mfundo zake ngati akumanga ng'ombe yolusa. Pa siteji anthu ankaima padzuwa mpaka ana kuyamba kulira.

Eni galimoto, a Timoti, zinawakwana. "Loweruka ndikaima pa siteji ndekha," anatero. "Ndikangomva mmodzi akudandaula, ntchito yatha."

Ndiye kunabwera msuweni wa a Osward, Zangaphee, wonyamula zikwama pa bwalo la ndege ku Lusaka. Pakamwa mnyamata ameneyu!

"Achimwene, munthu sadana ndi nthawi, amadana ndi kuima," anatero. "Okwera ndege mukawazungulitsa njira yaitali, akamafika chikwama chatuluka kale. Onse mano poyera!"

Ine ndinati, "Kuno kuli ndege?" Ndani anandimva?

Loweruka lija amayi anga anakwera minibasi yomweyo, akuchokera kuchipatala kukaonetsa bondo. Ine ndinkawadikira pa siteji, pafupi ndi a Timoti. Za kumunsi kwa mtunda wokwera ku siteji anandiuza pambuyo pake a Dalitso, adalaivala.

Atafika pa mlatho, pamene mtunda umayambira, a Osward anakuwa, "Tsikani nonse muwongoleko miyendo, katundu mukampeza kumtunda!" Iwo maganizo awo anali oti amayi akhale momwemo. Koma amayi, poona anzawo akutsika, nawo anatsika. Tsono mkamwini angayang'anizane ndi apongozi, nanji kuwauza chochita? A Osward anangoti kukamwa yasa, maso pa tayala. Mmene ankati anong'oneze a Dalitso kuti awauze ndiwo, galimoto inali itanyamuka kale, iwo n'kulumphiramo.

Ndinangoona minibasi yafika yopanda munthu, a Osward akwera pamwamba, akumasula ndi manja ndi mano omwe, thukuta kamukamu. Anthu anayamba kutulukira ali wefuwefu, ena akutukwana mtunda. Koma atapeza katundu wawo wandandalikidwa bwinobwino pamthunzi, anaphulika kuseka, aliyense kutola chake n'kumapita. A Timoti ankangogwedeza mutu, zikuwakomera.

"Amayi ali kuti?" ndinafunsa. A Osward anazemba kuseri kwa minibasi.

Kenako ndinawaona amayi, okhaokha, kutali, akutsimphina ndi kamtengo kothyola m'njira. Mayo ine! Mtima unandiwawa. Ndinathamanga kukawagwira mkono, ndikudziuza kuti lero mwamuna ameneyu andidziwa.

A Timoti anatichingamira. "Amayi, mwayenda bwanji ndi anyamata angawa? Nenani zoona, musaope."

Kuseri kuja ndinkaona nsapato za a Osward zokha, zitaima chilili. Amayi anapuma kaye, nayang'ana dengu lawo lili lokha pamthunzi.

"Bambo, chiyambireni kukwera galimoto, lero ndi pamene katundu wadikira ine," anatero. "Mwana ameneyu musamutaye."

A Timoti anaseka, nakwera njinga yawo yamoto, ulendo.

Kunyumba amayi atakweza chitenje, bondo linali litatupa ngati dzungu. Ine misozi mbwee.

"Amayi, bwanji simunanene?"

"Ndikananena, mawa iwe ukanadya chiyani, bondo langali?" anandikalipira. "Tapukuta m'maso, chitsiru iwe."

Panja panamveka nkhwangwa, kenako utsi. Patapita nthawi wina anakhosomola pakhomo, beseni n'kuikidwa pansi. A Osward analankhula atayang'ana chipupa.

"Lefina, uwauze amayi kuti madzi othowera afunda."

Amayi anandikodola. "Umuuze kuti ndamva. Umuuzenso kuti amene anamupatsa nzeru za ndege uja asadzaponde pakhomo pano ine ndili moyo."

"Ndamva, amayi," anayankha a Osward, kuiwala kuti uthengawo umayenera kudzera mwa ine.

Amayi anaviika nsalu m'madzi muja, naiika pa bondo, akuluma mano kuti mkamwini wawo panjapo asamve kubuula.