Maola Anayi a pa Tikiti

Pa depoti ya mabasi ankawatcha a Wotchi, chifukwa kwa zaka makumi atatu ntchito yawo inali kulemba nthawi imene basi yanyamuka ndi imene yafika. Pa nkhani za maulendo, iwo sankafunsa aliyense. Tsono mwana wawo wachisamba, namwino, atapeza ntchito mumzinda wina kutsidya kwa nyanja, a Wotchi anangoyang'ana tikiti ya ndege kamodzi kokha: kunyamuka seveni koloko m'mawa, kufika leveni koloko.

"Maola anayi basi," anauza akazi awo, amene ankakana zoti mwanayo apite. "Mabasi athu ena amaposa pamenepo. Mulekeni apite, amake mwana, ndi pafupi."

Tsiku la ulendo anamuperekeza ku bwalo la ndege, iwo n'kupita kuntchito. Leveni koloko itakwana anaika foni patebulo n'kumadikira. Inakwana thwelofu, foni ili zii. Wani koloko anaimba okha, anapeza ya mwanayo ndi yozima.

Pa depoti aliyense amadziwa kawerengedwe kake. Basi ikachedwa ola limodzi ndiye kuti ndi tayala. Maola awiri, yafa injini. Ikapitirira atatu mumatumiza galimoto ndi mabulangete. A Wotchi anali atanyamulapo mabulangete amenewo kawiri, ndipo zimene anakaona sankazinena kunyumba. Nanga ndege ikafa injini ingaime pambali pa msewu uti, pansi pali madzi okhaokha?

Mantha anawagwira zenizeni. Analemba basi imodzi kawiri. Pofika folo koloko anachoka osatsanzika.

Kunyumba anapeza akazi awo atakhala pabedi la mwanayo, atafumbata yunifolomu yake yakale.

"Wakuimbirani?" anafunsa mayiwo.

"Ayi."

"Paja munati maola anayi."

A Wotchi anatsegula wailesi, n'kuitsekanso msangamsanga nkhani zisanayambe.

Dzuwa litangolowa, foni inalira. Anailandira ndi manja awiri.

"Ababa, ndafika bwino! Ndege sinachedwe n'komwe."

"Sinachedwe? Iwe mwana, ukudziwa nthawi ili bwanji?"

"Kuno yangopitirira leveni koloko, dzuwa lili pamutu. Nthawi yofikira ya pa tikiti ija ndi ya kuno, ababa, si ya kwathu. Takhala m'mwamba maola khumi ndi limodzi."

A Wotchi anayang'ana wotchi yawo, kenako pazenera, pamene mdima unali utayamba kugwa. Mtima wawo unayenera kukhala pansi, koma unakana. Maola khumi ndi limodzi, pa liwiro la ndege! Akazi awo anawalanda foniyo, analira, anaseka, anafunsa ngati mwanayo wadya. Atamaliza anapukuta misozi ndi yunifolomu ija, n'kuwayang'ana amuna awo.

"Mwana wathu ali ndi dzuwa lakelake, bambo ake. Pafupi paja munkanena ndi pamenepa?"