Buku la Manachesi

Prisca anali namwino pachipatala cha ku Magaleta. Kwawo kunali ku Kasungu, ndipo pa zaka ziwiri zimene anakhala ku Neno, anzake enieni anawapeza m'kagulu ka anthu asanu okonda kuwerenga. Ankakumana Loweruka loyamba la mwezi, masana, kuseri kwa golosale ya a Lameck pa boma. Aliyense ankanena buku limene akuwerenga, ndipo akalimaliza ankabwereka mnzake.

M'gululi munalinso a Loveness, aphunzitsi a sitandade 7, mayi osakonda kulankhulalankhula. Amuna awo anamwalira mu Januwale atangodwala sabata imodzi. Kwa miyezi iwiri a Loveness sanaoneke kuseri kwa golosale kuja. Atabwera mu Epulo, anapeza Prisca atawasungira buku. Inali nkhani yachingerezi ya mayi wamasiye amene achibale a mwamuna wake anamulanda katundu yense, koma pambuyo pake anayamba bizinesi n'kuima payekha. Prisca anali ataliwerenga kawiri, ndipo maulendo onse awiri anagwetsa misozi.

"Ili likulimbitsani mtima, a Loveness," iye anatero. "Mayi wa m'bukuli ali ngati inu nomwe."

A Loveness anathokoza, nalilowetsa m'chikwama.

Mwezi wotsatira analibweza. Kapepala kosungira malo kanali pa tsamba 38.

"Kodi simunalimalize?" Prisca anafunsa.

"Ayi. Analilemba bwino, koma mayi ameneyu amadziwa kulira. Akamalira amalankhula mawu okoma, anthu n'kumamvetsera. Ine sindili choncho. Ine ndimangopezeka ndalemba deti yolakwika pa bolodi, ana n'kumandikonza. Komanso alamu anga sanandilande kanthu. Anabwera kudzandithandiza kukolola."

Prisca anachita manyazi. Anatenga bukulo n'kuliika pamiyendo, chikuto chitayang'ana pansi.

"Nanga panopa mukuwerenga chiyani?" a Lameck anafunsa.

A Loveness anatulutsa kabuku kopanda chikuto, kosokedwa ndi ulusi wakuda. Kanali ka ulimi wa manachesi.

"Bambo aja anasiya mitengo makumi atatu ndi iwiri," anatero. "Ine ndinkangodya zipatso, sindinkadziwa kuti mtengo umafuna chiyani. Ndakapeza m'sutikesi yawo. M'mbali mwa masamba analembamo ndi pensulo. Pena amatsutsana ndi wolemba. Pa tsamba lina anangolemba kuti, 'Bodza ili, kuno sizitheka.'"

Anthu anaseka pang'ono.

"Ndakamaliza. Ndi kabwino. Amene akufuna atenge, bola kandipeze Julayi isanathe, chifukwa ndikamaliza kuthyola ndiyenera kudulira nthambi."

Palibe anatambasula dzanja. A Lameck anati maso awo sagwirizana ndi zilembo zing'onozing'ono. Prisca analibe mtengo ngakhale umodzi, pakuti ankakhala m'nyumba ya boma yokhala ndi bwalo louma. Komabe anakatenga, mwina chifukwa cha manyazi aja.

Ankakawerenga madzulo akaweruka, atakhala pakhonde. Mitu yoyambirira inamutopetsa: nthaka, kukumba maenje, kutalikirana kwa mbande. Poyamba ankangodumphira pa zolemba za pensulo. Malemuwo anali ndi zilembo zopendekeka, ndipo ankalemba mwachidule. "Wa pafupi ndi khola sufuna manyowa ambiri." "Funsa alangizi." Pa mutu wa kumezanitsa panali tsiku ndi mawu akuti, "Isanu yagwira, itatu yafa." Prisca anafuna kudziwa chimene chinapha itatuyo, choncho anabwerera kukawerenga mutu wonse. Kuchokera pamenepo sanadumphenso tsamba.

Tsiku lina akukwera njinga yamoto kupita ku boma, anaona mtengo wa manachesi m'mbali mwa msewu, masamba ake atapiringizika, ndipo anadziwa kuti ndi nsabwe za m'masamba. Anauza woyendetsa njingayo. Iye anangoti, "Eti?" n'kupitiriza kuzemba maenje.

Mu Juni, nthawi yake yolankhula itafika, Prisca anati wamaliza buku la manachesi.

"Mwaliona bwanji?" a Loveness anafunsa.

"Mutu wa tizilombo watalika kwambiri. Koma pa zothirira, ndikuona ngati bambo analakwitsa. Wolemba ndiye akunena zoona."



"Inenso ndinaona choncho," a Loveness anatero. "Koma iwo aja sakanavomera. Mudzabwere Loweruka likubwerali mudzaione mitengoyo. Mubwere ndi thumba."